Ndevu za Kamphinda

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Ina inabadwira pa bwalo la milandu, ina pamtondo, ina m'njira yopita kuchitsime. Umene ndikufuna kukufotokozerani lero, ana inu, akuti unabadwira m'munda wa khobwe, ndipo anaubala ndi munthu wina wansanje dzina lake Kamphinda. Ndikuti akuti chifukwa ine ndinali ndisanabadwe, koma amene anandiuza sanali anthu okonda bodza.

Kamphinda anali mkamwini pamudzi wa Nkhuti, m'munsi mwa phiri. Masiku amenewo mwamuna akakwatira ankasiya kwawo n'kukamanga kwa mkazi, ndipo munda umene ankalima sunali wake, unali wa mbumba ya mkaziyo. Iye anafika ndi khasu, nkhwangwa ndi mphasa, nakwatira Nangondo, mkazi wansangala, wodziwa kufutsa ndiwo kuposa anzake onse. Alamu ake, pofuna kumuyesa, anamulozera malo oipa kuposa onse: kamtunda ka miyala kogundana ndi thengo, kumene madzi ochokera m'phiri ankatsikira ndi liwiro. Anamulozera akuseka m'mimba, akudikira kuti awiringule.

Sanawiringule. Anayenda pamalopo pang'onopang'ono, maso ali pansi, ndipo atafika kumtunda pafupi ndi chulu anaima. M'udzu munali kachomera koyanga, masamba ake atatuatatu, maluwa ake ofiirira. Anakazindikira nthawi yomweyo. Bambo ake anamuphunzitsa kalekale kuti ameneyo ndi khobwe wakutchire, kholo la khobwe amene timabzala. Mbewu zake n'zazing'ono, zolimba, zosati munthu n'kuziphika. Makoko ake akauma amathetheka okha n'kumwaza mbewu m'udzu. Palibe amene amamupalira, palibe amene amamuthira manyowa. Nsabwe za mbewu zimamuluma, dzuwa limamuwamba, kaufiti amamuyamwa, moto umamupsereza chaka ndi chaka, koma mvula ikangogwa amaphukanso kuchokera ku muzu wake wonenepa uja. Bambo ake ankati wam'munda tinamulera mwachisasati mpaka anaiwala kupirira, pamene wakutchire mavuto anamuphunzitsa zonse.

Tsono polima Kamphinda anasiya chigawo chonse cha kumtunda, kuyambira pachulu mpaka pamtengo wa msuku, osatemamo chitsamba, osazulamo udzu. M'menemo munali chipika chouma chodzaza mabowo a njuchi zakuda zikuluzikulu zija timati bemberezi, ndipo nachonso anachisiya. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ena anati ndi ulesi, ena anati mkamwini akuopa njoka. Mlamu wake wina wanthabwala anati munthuyu wameta mutu wonse koma waiwala ndevu, ndipo dzina linamera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo kathengo kaja kankatchedwa Ndevu za Kamphinda.

Iye ankangowasiya aseke, chifukwa ankadziwa chimene akuchita. Njuchi zija zinkatera pa maluwa akutchire, n'kuuluka ndi mungu kukatera pa maluwa a m'munda. Pokolola, anzake ankasankha mbewu pakati pa munda, makoko aataliatali okongola. Iye ankapita ku mizere itatu yomalizira, yogundana ndi ndevu zija, n'kutolamo makoko osaoneka bwino, a mbewu zamawangamawanga. Izi ankazibzala padera chaka chotsatira. Zimene makoko ake ankathetheka okha ankazitaya, zimene zinkakana kupsa mumphika ankazitayanso, ndipo zotsala zochepazo ndizo ankasakaniza ndi mbewu yake. Inali ntchito ya munthu wosafulumira. Chaka chilichonse dzuwa likafika pachimake, osaka mbewa asanayambe kutentha tchire, ankatenga khasu n'kulambula kanjira kozungulira kathengo konse kuti moto usalowemo.

Zitapita zaka khumi, osekawo anasiya kuseka. Chaka china kaufiti anadzaza m'minda ya pa Nkhuti, khobwe wa anthu n'kuchita chikasu asanayale n'komwe, koma wa Kamphinda anangoti biriwiri. Chaka china mvula inadula pakati, ena anakolola m'chipewa, iye anakolola m'madengu. Kathengo kaja kanali ndi mphatso zinanso. Kankagwira madzi ochokera m'phiri kuti asakokolole nthaka, mvula ikagwa munkamera bowa, ndipo munkakhala tizilombo tofiira ta madontho tija timadya nsabwe za mbewu. Nangondo ankathyola chitambe mpaka mwezi umene anzake anali atayamba kale kusaka ndiwo m'madambo, ndipo zikwatu zake za mfutso zinkalendewera kudenga mpaka mvula ina.

Anthu ankabwera kudzafunsa chinsinsi chake. Kamphinda ankangoti ndi dzanja chabe, wina dzanja lake limayanja mbewu, wina ayi. Linali bodza, koma linali ndi chifukwa chake. Iye ankadziwa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ankaganiza kuti malinga ngati nzeru ya khobwe ili m'mutu mwake mokha, palibe angamuchotse pamudzipo. Sanauze mkazi wake. Sanauze ngakhale Sigele, mwana wawo mmodzi yekhayo.

Apa mwayamba kuona kale mtima wa munthuyu. Chimene chinali chake ankafuna chikhale chake yekha, ndipo matenda amenewa sanathere kumunda. Kamphinda anali ndi nsanje yoopsa. Nangondo akaseka ndi munthu panjira, ankafuna kudziwa chimene chamuseketsa. Akavala nsalu yochapa tsiku lopanda mwambo, ankafunsa kuti wavalira yani. M'mawa asanapite kumunda ankasesa yekha pabwalo, ntchito imene amuna anzake sankaigwira, ndipo akazi a pamudzi ankamuyamikira kuti ndi mwamuna wothandiza. Sankadziwa kuti akusesa n'cholinga choti pobwera adzawerenge mapazi a amene afika pakhomo iye kulibe.

Tsiku lina kunali dima, anthu atasonkhana kudzathandizana kulima, ndipo Nangondo anaphika mfutso wotendera. Pakati pa olimawo panali Maliseni, wosema mitondo, munthu wofatsa amene mkazi wake anali atamwalira. Atadya anapukuta pakamwa nanena poyera, monga alendo amachitira, kuti ndiwo zotere munthu angaiwale nazo kwawo. Anthu anaseka n'kuiwala. Kamphinda sanaiwale. Mawu aja anamulowa ngati minga ya kuphazi, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chinkakhala Maliseni. Mtondo ukang'ambika, ndiye kuti Nangondo waung'amba dala kuti apeze njira yopitira kwa Maliseni. Phazi lalikulu likaoneka pabwalo, ndi la Maliseni. Ankhoswe anaitanidwa kasanu mpaka anatopa. Ulendo womaliza Nangondo analankhula mawu ochepa.

"Munthu ameneyu ine sindinkamuganizira n'komwe," anatero. "Dzina lake mwandiloweza ndinu, m'mawa ndi madzulo. Ndatopa."

Banja la zaka makumi awiri ndi ziwiri linathera pomwepo. Kamphinda anachoka monga anabwerera, ndi khasu, nkhwangwa ndi mphasa. Amene anamuona akutuluka m'mudzi amati sanacheukire nyumba. Anacheukira munda, ndipo anauyang'ana nthawi yaitali.

Anabwerera kwawo, kwa mlongo wake Nankhoma, ulendo wa theka la tsiku. Kumeneko anakalamba msanga. Mano ake, amene anali atayamba kale kugwedera, anagwa limodzilimodzi mpaka m'kamwa munatsala nkhama zokha. Chimene ankachikonda kwambiri pa moyo wake chinali chimanga chokazinga, ndipo tsopano ankangochimva fungo. Madzulo ena dzuwa lisanalowe ana a pakhomopo anakazinga chimanga m'phale, chigamba cha mphika wosweka chija chimene nyumba iliyonse imasunga, nakhala pansi pa khonde n'kumakukuta. Phokoso la mano awo linamupweteka Kamphinda kuposa mmene dzino lililonse linamupwetekerapo. Anadzuka, anatola phale lija n'kulimenyetsa pamwala. Ana anabalalika. Nankhoma anatuluka m'nyumba, anayang'ana zidutswa zija, kenako anayang'ana mlongo wake.

"Achimwene, mano atha ndi anu," anatero. "A anawa alipo. Nanga phale lalakwanji?"

Manyazi anamugwira Kamphinda pang'ono, koma sanakhalitse.

Chaka chachiwiri chisanathe kunamveka kuti Nangondo wakwatiwa, ndipo amene wamukwatira ndi Maliseni. Ena amati anawalozera njira ndi Kamphinda yemwe, popeza munthu ukamuuza tsiku ndi tsiku kuti kuseri kwa phiri kuli madzi, tsiku lina adzapita kukaona. Koma iye anangoti mwaona, ndinkanena ine. Mtima unamuwawa kwambiri moti analamula kuti pakhomopo pasamveke dzina la Nkhuti. Sigele, amene tsopano anali pabanja, anabwera kudzamuona, koma atangoyamba kufotokoza za kumudzi bambo ake anadzuka n'kupita kudambo, osabwerako mpaka mwanayo atapita. Patapita miyezi Sigele anatumiza uthenga kwa Nankhoma kuti akawauze bambo ake. Nankhoma atangoti Sigele watumiza mawu okhudza munda, Kamphinda anatseka makutu ndi manja ngati mwana, nati za munda wa Maliseni akauze Maliseni. Nankhoma anangogwedeza mutu n'kupitiriza kupeta.

Tsiku lina atakolola anthu, Kamphinda anapita kumsika kukagula fodya. Akudutsa pamzere wa nyemba anaona akazi ataunjikana, akukankhana. Anamva wina akuuza mnzake kuti afulumire, khobwe wa a Maliseni sachedwa kutha, ndipo ndi yekhayo amene kaufiti samugwira. Anasuzumira. Pansi panali dengu lodzaza mbewu zamawangamawanga, ndipo anazizindikira monga munthu amazindikirira nkhope ya mwana wake pagulu. Kuseri kwa dengulo kunali Maliseni, atakhala pa njerwa, akumwetulira ndi mano ake onse, oyera ngati ufa. Maliseni atamuona anaimirira mwaulemu, anavula chipewa nayamba kunena kanthu. Kamphinda anamufulatira n'kuchoka, fodya uja osagula.

Njira yobwerera kwawo sanaione. Khobwe wa a Maliseni! Zaka makumi awiri za kuwerama pa mizere itatu, kusankha mbewu imodziimodzi, kupirira chiseko cha alamu, zonsezo lero zatenga dzina la munthu wosema mitondo, amene sadziwa ngakhale kumene khobweyo amatenga mphamvu. Anamuona m'maganizo atakhala pa mpando wake, pakhonde limene iye Kamphinda anamanga yekha, akudya mfutso wa Nangondo. Mkazi ndiye anapita, ndipo zimenezo anali atayamba kuzizolowera monga munthu amazolowera chipsera. Koma munda unamupweteka mwatsopano. Nsanje inamuuza kuti ngati iye sadyako, wina aliyense asadyeko, ndipo iye anaimvera.

Mukumbuke kuti munthuyu sanali chitsiru pa za mbewu, ndipo chimenecho ndicho chinaipitsa zinthu. Wina wosadziwa akanangoponya moto m'kathengo muja n'kuthawa, mvula ikanabwera khobwe wakutchire akanaphukanso ngati palibe chachitika. Kamphinda ankadziwa kuti moyo wa chomeracho uli m'muzu, ndi kuti mbewu zomwazika zimabisala m'dothi la pamwamba. Kuti afe ndithu, muzu uyenera kukumbidwa, ndipo dothi liyenera kupsa ndi moto waukulu. Ankadziwanso kuti m'dera lonselo, mmene anthu anali atatsegulira minda mpaka m'mphepete mwa phiri, khobwe wakutchire anali atatsala pamalo pamodzi pokha.

Anadikira mpaka mwezi wotentha uja, udzu utauma gwa. Anamva kuti tsiku lakuti kuli chinamwali kutsidya kwa mtsinje ndipo mudzi wonse wa Nkhuti udzakhala kumeneko. Tsikulo analawirira ndi khasu lake, nauza Nankhoma kuti akukakumba mankhwala. Anazungulira kuseri kwa phiri kuti asakumane ndi munthu, ndipo anafika dzuwa lili pamutu. Ng'oma zinkamveka kutali. M'minda munalibe munthu.

Ndevu zija zinali mmene anazisiyira. Chulu chinali pomwepo, msuku unali pomwepo, ndipo njuchi zakuda zinkalowa ndi kutuluka m'chipika chija. Kwa kanthawi mtima wake unafewa. Anaona kuti kumapeto kwa mizere wina anazika timitengo pa mizere itatu yomalizira, monga iye ankachitira posonyeza pochokera mbewu. Munthu wofatsa akanadzifunsa kuti wazika ndani. Iye anangoti ndiye kuti wakubayo waba ndi nzeru yomwe, ndipo mtima unalimbanso kuposa kale.

Anayamba kukumba. Sanavutike kufunafuna, popeza chomera chilichonse ankachidziwa pamene chili. Uwu unali muzu umene anaupeza tsiku loyamba lija, tsopano wonenepa ngati mkono wa mwana. Uwu unali wa pansi pa msuku, umene unkachita maluwa mochedwa. Ankakumba, kuzula, kuponya pamulu. Thukuta linamulowa m'maso, msana unamuwawa, koma sanapume. Atatha mizu anazula udzu ndi zitsamba n'kuziyala mochindikala pansi ponse pamene mbewu zinkagwera. Anagubuduza chipika chija n'kuchiika pamwamba pa mulu. Kenaka anayatsa.

Moto wa mwezi umenewo sufuna kuupempha. Unathamanga kuchokera pachulu kukafika pamsuku, utsi n'kukwera kumwamba. Njuchi zinatuluka m'mabowo n'kumazungulira mu utsimo, zina n'kumagwa. Kamphinda anakhala pamwala n'kumayembekezera kuti mtima wake uzizire. Sunazizire. Anamva chimodzimodzi ngati tsiku limene anaswa phale, kungoti ulendo uno panalibe womudzudzula.

Ali chikhalire anamva mapazi kumbuyo. Atacheuka anaona mkazi akuthamanga kuchokera kumunsi kwa munda, mwana ali kumbuyo, khasu lili m'manja. Anali Sigele. Atafika anaima, akupuma mwabefu, nayang'ana motowo, nayang'ana maenje, nayang'ana khasu la bambo ake lodzaza dothi lofiira. Sanalire. Anafunsa motsitsa mawu ngati munthu wofunsa za maliro.

"Bambo, mwachita ndinu?"

Kamphinda anayesa kulimba. Anati wachita ndi iye, ndipo akauze Maliseni kuti ngati akufuna khobwe wotchuka akayambe wake, monga iye anayambira pa miyala.

"A Maliseni munda uno sanaupondepo ndi khasu," anatero Sigele. "Amayi anapita kuchitengwa chaka chatha, akukhala kwawo kwa a Maliseni, kutsidya. Munda uno malume anandipatsa ine. Ndi uthenga umene ndinatumiza kwa azakhali, inu munakana kuumva."

Kamphinda anatsegula pakamwa popanda mano paja, ndipo mawu anatuluka ofooka. Anati nanga dengu lija la kumsika.

"Linali langa. Ndinali nditangochira kumene mwana uyu, bambo ake ali ku ulendo, ndipo a Maliseni anandisenzera. Anandiuza kuti anakuonani, anafuna kukuuzani kuti mwana wanu wakolola bwino, inu munawafulatira."

Mwana kumbuyo anayamba kulira chifukwa cha utsi. Sigele anamugwedeza pang'ono, maso ake osachoka pamoto. Kenaka ananena zimene zinamupyoza Kamphinda kuposa zonse. Anati ngakhale bambo ake sanamuuzepo kanthu, iye ankawaona kuyambira ali wamng'ono, ankaona mizere imene ankatolamo mbewu ndi zimene ankataya, ndipo timitengo tija anazika ndi iye. Anati lero sanapite kuchinamwali chifukwa anamva kuti osaka mbewa ayamba kutentha kuseri kwa phiri.

"Ndimabwera kudzalambula kanjira kaja," anatero, akuonetsa khasu lake, "kuti moto usalowe."

Atatero anamasula mwana n'kumuika m'manja mwa agogo ake, amene anali asanamuonepo chibadwire. Anapita kumphepete kwa mulu woyakawo, nakoka ndi khasu muzu umodzi umene unagubudukira pambali. Mbali imodzi inali itapserera. Anaugwira ndi manja ukutentha, anakaukwirira m'munsi mwa chulu, nathirapo madzi onse amene anabwera nawo kuti amwe. Kamphinda anangoima, mdzukulu ali m'manja, misozi ikutsikira m'ndevu zake zenizeni. Akulu anati safunsa anadya phula. Iye akanangofunsa funso limodzi, kapena kungolola kuti amuuze.

Zimene zinatsatira sizinabwere tsiku limodzi, chifukwa nthaka sibwezera mofulumira. Mvula yoyamba inatsika m'phiri osapeza choigwira, ndipo inang'amba chigwembe pakati pa munda, n'kukokolola dothi limene linasonkhana pa zaka makumi awiri. Nsabwe zinabwera, zozidya panalibe. Mbewu imene Sigele anasunga inalimbabe chaka choyamba ndi chachiwiri, koma popanda kholo lake pafupi inayamba kusakanikirana ndi ya minda yoyandikana nayo, ndipo mphamvu yake inanka ichepa. Chaka chachinayi kaufiti analowa m'mundamo monga ankalowera mwa wina aliyense. Chaka chimenecho Sigele, mwana wa munthu amene ankakolola m'madengu, anakalima ganyu m'minda ya eni kuti apeze chodyetsa mwana wake. Si iye yekha amene anavutika. Akazi onse aja ankakankhana kumsika analibenso kokapeza mbewu yopirira.

Kamphinda sanabwererenso kukhala phee pakhonde la mlongo wake. Mvula ikayamba ankatenga ndodo n'kumayenda m'mphepete mwa mapiri ndi m'makwawa, maso ali pansi, kufunafuna masamba atatuatatu ndi duwa lofiirira. Anayenda zaka zitatu osapeza kanthu, poti paliponse pamene ankakumbukira kuti kunali tchire anapeza mizere ya chimanga. Muzu wopserera uja ndiwo unaphuka, kamphukira kamodzi kofooka, ndipo Sigele anakatchinga ndi minga. Panapita zaka zisanu ndi ziwiri kuti kathengo kayambenso kuoneka ngati kathengo, ndipo njuchi zakuda zinabwerera pokhapokha Kamphinda atakoka chipika china kuchokera kuphiri, yekha, ndi msana wake wokalambawo. Khobwe wamawangamawanga wofanana ndi woyamba uja iye sanamuonenso. Anamwalira ntchito ili pakati.

Koma asanamwalire anachita zinthu ziwiri. Choyamba, anauza aliyense wofuna kumva zonse zimene ankadziwa za khobwe wakutchire, za mizere itatu, za njuchi ndi za kanjira kotchinga moto, ndipo Maliseni anali mmodzi wa amene anakhala pansi kumvetsera. Chachiwiri, anapempha mphika wosweka kwa woumba mbiya wina, anausema bwinobwino m'mphepete, nakaupereka kwa Nankhoma. Akuti madzulo ake anakazingira ana chimanga ndi manja ake, n'kukhala pambali kumamvetsera akukukuta. Mnzake wina atamufunsa chifukwa chake akudzivutitsa ndi chakudya chimene sangatafune, anayankha ndi mawu a mlongo wake aja, atawafupikitsa monga munthu amafupikitsira chinthu chimene wachiganizira zaka zambiri. Mawuwo anthu anawatola, ndipo ndiwo mwambi umene timanena mpaka lero:

Ukapanda mano usamaswe phale.

Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chikasiya kukuthandiza iwe, sindiye kuti chatha ntchito. Alipo ena amene mano awo akadali olimba, ndipo ena sanabadwe n'komwe. Mwambiwu timauza munthu amene akuchoka pamalo n'kufuna kugwetsa nyumba kuti wina asagonemo, amene wakalamba n'kufuna kudula mitengo yonse poti zipatso zake sadzadyako, ndi amene amabisa nzeru kuti ifere naye limodzi. Umadzudzula makamaka nsanje, chifukwa wansanje poswa phale amaona nkhope ya mdani wake yokha, saona kuti pamzere wa odikira chimanga pali ana ake omwe.

Phale si chinthu chokongola. Ndi chigamba cha mphika wosweka, chakuda ndi mwaye, ndipo mlendo angachiyese chinyalala. Zomera zakutchire zimene zili pachibale ndi mbewu zathu zilinso chimodzimodzi. Khobwe wakutchire, mapira akutchire, mpunga womera wokha m'madambo, zonsezi sizidyeka bwino, sizigulitsidwa pamsika, ndipo wolima wofulumira amaziyesa udzu. Koma ndizo zimasunga kupirira kumene mbewu zathu zinataya, ndipo tsiku limene matenda atsopano kapena chilala chidzagwira minda, n'kumene tidzapite kukapempha. Tchire limene zimakhalamo limagwiranso nthaka, limasunga njuchi ndi tizilombo tothandiza mlimi. Kulitentha ndi ntchito ya masana amodzi, monga anaonera Kamphinda, koma kulibwezeretsa, moyo wa munthu mmodzi sukwana.

Tsono inu, mukadzakula n'kulandira munda, mukadzapeza kumalire kuli kathengo kamene akale anasiya osalima, musadzafulumire kunena kuti anali aulesi. Yambani mwafunsa. Ndipo tsiku limene mudzaone mnzanu akukolola pamene inu munavutikira, mtima n'kuyamba kutentha, mudzakumbukire nkhalamba ija itaima pa phulusa, mdzukulu ali m'manja, ikuyang'ana mwana wake akuthira madzi ake akumwa pa muzu wopserera.